Oyimba Akale: Paul Ngozi, Mwana wa ku Chibolya

Akuluakulu amene adakulira m'nyengo ya galamafoni akukumbukira bwino tizimbale takuda tija, tokhala ndi nyimbo imodzi mbali iyi ndi ina mbali inayo, timene tinkazungulira ka 45 pa mphindi imodzi. Tambiri tidasweka, tina tidapindika ndi dzuwa, ndipo tina ana adatisandutsa zoseweretsa. Koma mwa tochepa timene tidapulumuka muli tina timene lero anthu a ku Ulaya ndi ku America amatisaka ndi ndalama zambiri. Pa tina mwa ito padalembedwa dzina la munthu amene tifuna kumfotokoza lero, malemu Paul Ngozi wa m'dziko la Zambia.

Dzina lake lenileni lidali Paul Dobson Nyirongo, ndipo adabadwa m'chaka cha 1949, dzikolo likutchedwabe Northern Rhodesia. Mfunda wa Nyirongo si wachilendo kwa ife, pakuti umamveka pakati pa Atumbuka mbali zonse ziwiri za malire. Paul adakulira ku Chibolya, dera la anthu osauka mu mzinda wa Lusaka, limene lidali ndi mbiri ya umbanda. Umphawi ndi mavuto a m'mabanja amene adaona ali mwana kumeneko ndiwo adadzakhala mutu wa nyimbo zake zambiri.

Pamene Zambia idalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964, Paul adali mnyamata wa zaka 15. Masiku amenewo mkuwa unkagulidwa bwino, m'matauni mudali ndalama, ndipo anyamata adayamba kumva zimbale za Jimi Hendrix, James Brown ndi gulu la Rolling Stones. Tsono timagulu toyimba tidaphuka ponseponse. Ku America timagulu totere ankatitcha ta garage, chifukwa anyamata ankaphunzirira kuyimba m'galaja ya makolo awo, nkujambulitsa kachimbale kamodzi kapena tiwiri, kenaka nkubalalika osadziwika kutali. Ku Lusaka, Ndola ndi Kitwe anyamata ankayimba m'maholo ndi m'malo omwera mowa, koma zida zidali zoperewera chimodzimodzi, ndipo phokoso lidali lomwelo. Mayimbidwe amenewa ndiwo adapatsidwa dzina la Zamrock.

Atayimba m'timagulu ta ku Lusaka, Paul adapita ku Nairobi m'dziko la Kenya, kumene adakhala kwa kanthawi m'gulu la Musi-O-Tunya, limene mmodzi wa oliyambitsa adali Rikki Ililonga. Pobwerera kwawo adakhazikitsa gulu lake la Ngozi Family. Mmenemo Chrissy Zebby Tembo ankayimba ng'oma, Tommy Mwale ankayimba besi, ndipo Paul mwini wake ankatsogolera ndi mawu ndi gitala. Gitala yakeyo ankailumikiza ku kabokosi kopondera ndi phazi, kamene kankachititsa mawu ake kukhala okalakala monga macheka. Pamaso pa anthu ankatha kuiyimba ndi mano, monga ankachitira Hendrix. Owerenga Chichewa safunika kuwamasulira tanthauzo la dzina loti Ngozi, ndipo amene adamuona akuyimba sankadabwa nalo.

Mwayi waukulu udadza chapakati pa zaka za m'ma 1970, pamene Pulezidenti Kenneth Kaunda adalamula kuti nyimbo zosachepera 90 mwa 100 zilizonse zomveka pa wailesi zikhale za eni dziko. Wailesi idasowa nyimbo zokwanira, chotero oyimba adayamba kufunidwa. Ku Ndola kudali kampani ya Teal imene inkadinda zimbale, komanso Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo, munthu amene adatulutsa nyimbo za magulu ambiri a nthawiyo. Kachimbale kakang'ono ndiko kadali khomo la woyimba watsopano, pakuti kadali kotsika mtengo, ndipo kakayenda malonda mpamene kampani inkalimba mtima kutulutsa chimbale chachikulu.

Gulu la Ngozi Family lidadutsa pa khomo limeneli. M'chaka cha 1976 lidatulutsa chimbale cha Day of Judgement, ndipo m'chaka cha 1977 cha 45,000 Volts, chimene adakachijambulira ku Nairobi. Chimbale cha The Ghetto chidatuluka m'dzina la Paul yekha, ndipo cha My Ancestors m'dzina la Tembo, ngakhale kuti onse awiri ankathandizana. Paul ankayimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja cha ku Lusaka. Mawu ake adali apafupi, onena za anthu a m'makomboni, ndipo chifukwa cha ichi anthu wamba adamuyesa wawo.

Koma nyengo yabwinoyo siidakhalitse. Mtengo wa mafuta udakwera m'chaka cha 1973, ndipo wa mkuwa udagwa pofika 1975. Munthu amene ankavutika kugula ufa sakadaganiza zogula chimbale. Nkhondo ya ku Rhodesia nayo idafika mpaka pafupi ndi Lusaka m'chaka cha 1978, ndipo malamulo oletsa kuyenda usiku adasokoneza magulu amene ankadalira madansi. Kenaka kudadza disko ndi makaseti ojambulidwa mwakuba, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anthu adatembenukira ku kalindula. Paul Ngozi adamwalira m'chaka cha 1989 ali ndi zaka 40 zokha. M'zaka zomwezo mliri wa Edzi udatenga oyimba ambiri a mbadwo wake, kotero kuti pa gulu loyamba la WITCH padatsala Emmanuel Jagari Chanda yekha.

Kwa zaka zambiri nyimbo zimenezi zidangoti zii. Matepi ambiri oyambirira adatayika, chotero nyimbo zina zidatsalira pa zimbale zokhazo zimene anthu adagula kalelo. Paja akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Osonkhanitsa zimbale a kunja ndiwo adayamba kuzifufuza, ndipo kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles idatulutsanso Day of Judgement m'chaka cha 2014, nkudzatulutsanso 45,000 Volts pambuyo pake. M'chaka cha 2024 woyimba wa ku America, Tyler, the Creator, adatenga chigawo cha nyimbo ya Nizakupanga Ngozi nkuchiika m'nyimbo yake ya Noid. Motero mawu a Chinyanja a mwana wa ku Chibolya adamveka padziko lonse patapita zaka 35 iye ali m'manda. Kwawo ku Lusaka, m'dera la Kabwata, kuli msewu wotchedwa dzina lake.

Nkhaniyi ndi yokondweretsa ndiponso yomvetsa chisoni. Ulemu umene Paul akulandira lero m'maiko akutali sadauone ndi maso ake, ndipo zimbale zambiri zoyambirira zili m'manja mwa alendo. Tisaiwalenso kuti pa Ngozi mmodzi amene adatulukiranso padali magulu ambiri amene adajambula kachimbale kamodzi kokha, ndipo kameneko kakasweka mayina awo amathera pomwepo. Inu amene muli ndi zimbale za makolo anu m'sutikesi kapena pamwamba pa kabati, zisungeni choimirira, pamalo ouma ndi opanda dzuwa, ndipo musazitaye musanawerenge dzina lolembedwa pakatipo. M'gawo lotsatira tidzafotokoza za gulu la WITCH.