Richard Feynman adabetcha ndalama zake pa zinthu zosaoneka ndi maso

Pa 29 December 1959, mphunzitsi wa fizikisi Richard Feynman adauza akatswiri anzake pasukulu ya ukachenjede ya Caltech ku America kuti tsiku lina munthu adzatha kusanja maatomu limodzilimodzi, monga mmisiri ayalira njerwa. Atomu ndi kanthu kochepetsetsa: oposa miliyoni atandandalikana angakwane pakadontho kotsekera chiganizo chino.

Mkuluyu adabadwira ku New York mu 1918, adaphunzira ku MIT ndi ku Princeton, ndipo adapanga nawo bomba la atomiki pankhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mphoto ya Nobel adalandira mu 1965, koma pa kafukufuku wina.

Tsikulo sadangolankhula chabe. Adalonjeza madola 1,000 a m'thumba mwake kwa aliyense wopanga kainjini kamagetsi kochepa ngati kamchenga. Chaka chisadathe, William McLellan adatulukira nako, atakapanga ndi zida wamba. Feynman adakhumudwa poti padalibe luso latsopano, komabe ngongole ndi ngongole, adalipira.

Madola ena 1,000 adali a munthu wochepetsa tsamba la buku ka 25,000. Awa adadikira mpaka 1985, pomwe wophunzira wa ku Stanford, Tom Newman, adakwanitsa.

Feynman adamwalira ndi khansa mu February 1988. Chaka chotsatira, akatswiri a kampani ya IBM adasuntha maatomu 35 limodzilimodzi n'kulemba nawo dzina la kampaniyo.