Alfred Tarski ndi Chiganizo Chodzitsutsa Chokha

Tsiku lina nthawi ya sitade mnzanga anandipatsira kapepala kokhala ndi chiganizo chimodzi, chodzinena chokha kuti n'chabodza. Ndinayesa kuchimasula. Chikakhala choona ndiye kuti n'chabodza, chikakhala chabodza ndiye kuti chanena zoona. Mutu unandiima. Aphunzitsi a masamu atandigwira nako sanandipatse chibalo, koma anandiuza za Alfred Tarski.

Tarski anabadwira ku Warsaw m'dziko la Poland m'chaka cha 1901, m'banja la Chiyuda lotchedwa Teitelbaum. Ali mnyamata anasintha dzinali ndi kulowa Mpingo wa Katolika, chonsecho sankakhulupirira Mulungu. Izi zinandikhumudwitsa, komabe masiku amenewo Myuda ankavutika kupeza ntchito pa yunivesite. Ngakhale anatero, upulofesa kwawoko sanaulawe. Ankadalira kuphunzitsa masamu kusekondale.

M'chaka cha 1933 anasindikiza ntchito yake yaikulu yolongosola tanthauzo la choona. Poyambira pake pamaoneka pachibwana: chiganizo chakuti mvula ikugwa n'choona ngati mvula ikugwadi, apo ayi n'chabodza. Koma taonetsetsani, pali zinenero ziwiri apa. China n'chomwe chiganizocho chalembedwamo, china n'chomwe tikuchiweruzira. Tarski anatsimikiza kuti chinenero cha zizindikiro chimene chingathe kunena zonse za kuphatikiza ndi kuchulukitsa manambala sichingalongosole chokha kuti ziganizo zake zoona ndi ziti. Chitati chitero, chiganizo chonga cha pa kapepala kaja chingalowemo ndi kusokoneza zonse. Pamafunika chinenero china chokulirapo choweruzira choyambacho. Akatswiri a makompyuta amatsata njira yakeyi akafuna kunena mosaphonya chimene funso loperekedwa kwa makina likutanthauza.

Mu Ogasiti 1939 anakwera sitima ya pamadzi kupita kumsonkhano ku Harvard, ku America, akuganiza kuti abwerako msanga. Pa 1 Sepitembala asilikali a Germany analowa m'Poland. Mkazi wake Maria ndi ana awo awiri anatsala m'nkhondomo, ndipo anadzaonana nawo m'chaka cha 1946. Makolo ake ndi mng'ono wake anaphedwa ndi a Nazi.

Kuyambira 1942 anaphunzitsa ku Berkeley, ku California, kumene ophunzira ake ankachezera naye masamu mpaka mbandakucha. Anamwalirira komweko pa 26 Okutobala 1983. Kapepala kaja ndikusungabe m'buku langa la masamu.