Gunpei Yokoi: Mmisiri wa Zidole Amene Anasiyira Anthu Wamba Pophunzirira Kupanga Magemu

Pa 4 Okutobala 1997, galimoto imene munakwera bambo wina wa zaka 56 inaomba kumbuyo kwa lole pamsewu waukulu wa Hokuriku, m'chigawo cha Ishikawa ku Japan. Bamboyo anatuluka wamoyo, koma atatsika kuti aone mmene galimotoyo yawonongekera, galimoto ina yodutsa inamuomba ndipo anakamwalirira kuchipatala tsiku lomwelo. Dzina lake linali Gunpei Yokoi. Anthu ambiri amene anagwirapo Game Boy m'manja sanalimvepo dzinali, komabe ndi iye amene anatsogolera ntchito yopanga kachipangizoko. Ndipo mpaka lero anthu opanga magemu pakhomo, ongochita mwachidwi popanda kampani yowalemba ntchito, akuphunzirirabe pa makina amene iye anasiya.

Anayamba ndi kukonza makina

Yokoi anabadwa pa 10 Seputembala 1941 mumzinda wa Kyoto, ndipo anaphunzira za zipangizo zamagetsi pa yunivesite ya Doshisha mumzinda womwewo. M'chaka cha 1965 analembedwa ntchito kukampani ya Nintendo. Panthawiyo Nintendo sinali kampani yotchuka padziko lonse monga tikuidziwira lero. Inali yopanga makadi osewerera, makamaka makadi a maluwa a ku Japan otchedwa hanafuda, ndipo malonda ake anali atayamba kulowa pansi. Ntchito ya Yokoi inali yoyang'anira ndi kukonza makina a m'fakitale.

Popeza makinawo sankawonongeka tsiku ndi tsiku, mnyamatayu ankakhala ndi nthawi yambiri yopanda chochita, ndipo ankaithera popanga timazidole. Chimodzi mwa izo chinali dzanja lotambasuka: timitengo tolumikizana mopingasa, timene munthu akafinya zogwirira kumbuyo timatalika n'kukapana chinthu chimene chili patali. Mu 1966 mkulu wa kampaniyo, Hiroshi Yamauchi, anachiona chidolecho akuyendera fakitale. M'malo momudzudzula chifukwa chosewera pantchito, anamulamula kuti achikonze bwino kuti chigulitsidwe. Chidolechi, chotchedwa Ultra Hand, chinagulidwa choposa 1 miliyoni, ndipo Yokoi anachotsedwa kumakina n'kupatsidwa ntchito yoganiza zinthu zatsopano.

Zinatsatira ndi Ultra Machine, makina oponya mpira a mu 1967, kenako Love Tester ya mu 1969, kachipangizo kamene mnyamata ndi mtsikana ankagwira uku atagwirana manja kuti kayeze chikondi chawo. Kuyezako kunali kwa masewera chabe, koma achinyamata anakakonda. Mu 1970, mothandizana ndi Masayuki Uemura amene anachokera kukampani ya Sharp, anapanga mfuti zoseweretsa zowombera kuwala m'malo mwa zipolopolo.

Nzeru ya zipangizo zokhwima

Pa zonse zimene anapanga, Yokoi ankatsata mfundo imodzi. Iye sankathamangira luso latsopano limene langotuluka kumene, chifukwa limakhala lodula ndipo zofooka zake zimakhala zisanadziwike. Ankasankha luso limene lakhalitsa, lotsika mtengo, limene amisiri akulidziwa bwino, n'kulipezera ntchito imene wina aliyense sanaiganizirepo.

Chitsanzo chachikulu ndi Game & Watch. Nkhani imene iye mwini ankasimba ndi yakuti tsiku lina ali m'sitima yothamanga kwambiri ya Shinkansen, anaona munthu wina wotopa ndi ulendo akungodinadina mabatani a kachipangizo kowerengetsera masamu pofuna kutayitsa nthawi. Pazaka zimenezo makampani monga Sharp ndi Casio anali pampikisano woopsa wogulitsa tizipangizo timeneti, moti timasikirini take ndi zam'kati mwake zinali zitatsika mtengo kwambiri. Yokoi anatenga zomwezo n'kupangira gemu yolowa m'thumba la malaya, yokhalanso ndi wotchi. Yoyamba, yotchedwa Ball, inatuluka mu Epulo 1980, ndipo mitundu yonse ya Game & Watch pamodzi inagulidwa yoposa 43 miliyoni.

Pa Game & Watch ya Donkey Kong ya mu 1982 ndi pamene panaoneka batani looneka ngati mtanda, lolola chala chachikulu chimodzi kuyendetsa chithunzi kumanja, kumanzere, m'mwamba ndi pansi. Batanili linaikidwanso pa Famicom, makina olumikiza ku wailesi yakanema amene Nintendo inatulutsa mu 1983, ndipo kuchokera pamenepo lafalikira pafupifupi pa makina onse a magemu. Yokoi ndiyenso anayang'anira Shigeru Miyamoto, wachinyamata panthawiyo, popanga Donkey Kong yoyamba mu 1981, ndipo gulu lake linatulutsa Metroid ndi Kid Icarus mu 1986.

Game Boy ndi nkhani ya mabatire

Game Boy inatuluka ku Japan pa 21 Epulo 1989. Poiyerekeza ndi anzake, inkaoneka yotsalira. Sikirini yake inalibe mitundu, inkangoonetsa mithunzi inayi yobiriwirako, ndipo ubongo wake unali wa mtundu wa timakina ta m'zaka za m'ma 1970. Atari Lynx ya mu 1989 ndi Game Gear ya kampani ya Sega ya mu 1990 zinali ndi masikirini a mitundu, owala ngakhale mumdima. Koma chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere: makina awiriwa ankafuna mabatire 6 amene ankatha m'maola ochepa, pamene Game Boy inkafuna 4 okha ndipo ankakhalitsa kuwirikiza kangapo. Inalinso yotsika mtengo komanso yolimba ikagwa pansi. Makolo ogula mabatire anaona kusiyanako msanga. Gemu ya Tetris, imene anayambitsa Alexey Pajitnov wa ku Russia, inakopa ngakhale akuluakulu, ndipo Game Boy pamodzi ndi Game Boy Color imene inabwera pambuyo pake zinagulidwa zoposa 118 miliyoni.

Sikuti zonse zinamuyendera. Mu 1995 Nintendo inatulutsa Virtual Boy, makina osuzumiramo ndi maso onse awiri, oonetsa zithunzi zofiira pamalo akuda zooneka ngati zili ndi kuya. Anthu ambiri anadandaula kuti ankawapweteketsa mutu ndi maso, magemu ake anali ochepa, ndipo amene anagulidwa sanafike ngakhale 1 miliyoni. Kampaniyo inasiya kuwapanga pasanathe chaka. Yokoi anakhalabe mpaka anamaliza Game Boy Pocket, yaing'ono ndi yopepuka, ndipo mu Ogasiti 1996 anachoka ku Nintendo atagwirako ntchito zaka 31. Ambiri anaganiza kuti anachoka chifukwa cha manyazi a Virtual Boy, koma iye anatsutsa zimenezo, ndipo zikudziwika kuti anali ataganiza kale zodzaima payekha. Anatsegula kampani yakeyake yotchedwa Koto mumzinda wa Kyoto, nayamba kugwira ntchito ndi kampani ya zidole ya Bandai. Imfa inamupeza ntchitoyo isanathe.

Khomo limene linali lotseka

Kuti timvetse chimene chinachitika iye atapita, tiyenera kudziwa mmene malonda a magemu ankayendera. Pa kompyuta wamba aliyense ankatha kulemba pulogalamu yake, koma pa makina a magemu sizinali choncho. Makampani monga Nintendo ndi Sega ankasankha okha woyenera kupanga magemu. Zipangizo zopangira zinali zodula ndipo zinkaperekedwa kwa makampani ovomerezeka okha, atasaina mapangano osunga chinsinsi. Pa makina a NES, Nintendo inaikamo ngakhale kachipangizo kokana gemu iliyonse yosavomerezeka. Mwana wasukulu wokhala ndi nzeru ya gemu yabwino analibe polowera.

Mipata inalipo yowerengeka. Mu 1984 kunatuluka Family BASIC, imene inkalola munthu kulumikiza kiyibodi ku Famicom, kulemba timapulogalamu tating'ono ndi kutisunga pa kaseti. Mu 1996 kampani ya Sony inayamba kugulitsa Net Yaroze, PlayStation yakuda yopangira anthu ophunzira, koma mtengo wake ku America unali pafupifupi madola 750, ndalama zimene achinyamata ambiri sakanazikwanitsa.

Makina omaliza a Yokoi, WonderSwan, anatuluka ku Japan mu Malichi 1999, patatha chaka ndi miyezi isanu iye atamwalira. Anali ndi zizindikiro zonse za mwini wake: sikirini yopanda mitundu, mtengo wotsika wa mayeni 4,800, ndi batire limodzi lokha lotha maola makumi angapo. Imodzi mwa magemu oyamba inatchedwa Gunpey pomukumbukira. Ubongo wa makinawa, wopangidwa ndi kampani ya NEC, unali wa banja limodzi ndi wa makompyuta akale a muofesi, umene olemba mapulogalamu ankaudziwa kale.

M'chaka cha 2000 kampani yaing'ono yotchedwa Qute, movomerezedwa ndi Bandai, inatulutsa WonderWitch. M'bokosi mwake munali kabokosi kosungiramo gemu kotheka kufufuta ndi kulembamonso, chingwe cholumikizira WonderSwan ku kompyuta, ndi mapulogalamu olembera gemu m'chinenero cha makompyuta chotchedwa C. Munthu ankalemba gemu pa kompyuta yake, n'kuitumiza kudzera m'chingwecho, n'kuisewera m'manja nthawi yomweyo. Qute inkachititsanso mpikisano. Gemu imene inapambana mu 2001, Judgement Silversword, yolembedwa ndi munthu wodziwika ndi dzina lakuti M-KAI, inadzagulitsidwa ngati gemu yeniyeni mu 2004, chimodzimodzinso ina yotchedwa Dicing Knight. Panthawiyo Bandai inali itagonja kale kwa Game Boy Advance n'kusiya kupanga WonderSwan, kotero magemu a anthu ophunzira okhawa ali m'gulu la omaliza kutuluka pa makinawo. M-KAI anapitiriza ntchito ndi Qute mpaka anatulutsa Eschatos pa Xbox 360 mu 2011.

Chimene anasiya

Yokoi sanapange WonderWitch ndipo sanaione. Koma mfundo yake yosankha luso lokhwima ndi imene inachititsa kuti makina ake akhale osavuta kuwamvetsa, moti munthu mmodzi wakhama angathe kudziwa mmene mbali iliyonse imagwirira ntchito. N'chifukwa chake Game Boy, imene Nintendo sinaitsegulire anthu wamba, anthuwo anaitsegula okha. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 akhala akulemba ndi kugawana pa intaneti zonse zimene atulukira za m'kati mwake, napanganso zida zaulere monga GBDK. Oimba ena anaisandutsa choimbira pogwiritsa ntchito mapulogalamu a Nanoloop ndi LSDJ. Mu 2019 kunatuluka GB Studio, pulogalamu yaulere yolola munthu wosadziwa chinenero chilichonse cha makompyuta kupanga gemu imene ingaseweredwe pa Game Boy yeniyeni ya mu 1989.

Mu 2003, pamsonkhano wa opanga magemu wa Game Developers Conference ku America, malemu Yokoi anapatsidwa mphoto yolemekeza ntchito ya moyo wake wonse. Munthu amene anayamba ndi kupanga chidole pa nthawi yopuma m'fakitale ya makadi anasiya makina amene ophunzira, aphunzitsi ndi amisiri apakhomo akupangirabe magemu atsopano, patatha zaka zoposa 35 chitulukire Game Boy.