Louis Braille: Mwana Wosaona Amene Anatsegulira Anzake Mabuku

Amayi anzanga, pa mishoni ya Nkope, kufupi ndi msewu wochokera ku Mangochi kupita ku Monkey Bay, pali malo ophunzitsirapo ana osaona. Ana amenewa amawerenga ndi nsonga za zala, poyendetsa chala pa timadontho totumphuka pa pepala lokhuthala. Zilembo zimenezi zimatchedwa Braille, lomwe ndi dzina la munthu amene anazikonza. Tiyeni timve mbiri yake.

Ubwana wake

Louis Braille anabadwa pa 4 Januwale 1809 m'mudzi wa Coupvray, kum'mawa kwa mzinda wa Paris, m'dziko la France. Anali mzime m'banja la ana anayi. Bambo ake, a Simon-René, anali mmisiri wa zikopa, ankasoka zishalo ndi malamba a akavalo. Ali ndi zaka zitatu, Louis ankasewera mogwirira ntchito mwa bambo akewo, ndipo anadzibaya m'diso ndi kachitsulo kosongoka. Disolo linatukusira, matenda nkufalikira ku diso linzake. Pofika zaka zisanu sankaonanso.

Masiku amenewo ana ambiri osaona ankathera kupemphetsa m'misewu. Koma a Simon-René ndi akazi awo a Monique sanamubise mwana wawo m'nyumba. Anamulola kuyendayenda m'mudzi ndi kugwira tintchito monga anzake. Wansembe wa m'mudzimo, Bambo Jacques Palluy, anayamba kumuphunzitsa, kenaka anapempha mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi kuti amulandire. Louis ankakhala m'kalasi limodzi ndi ana openya, ndipo ankakhoza bwino pongomvetsera ndi kusunga pamtima. Koma kuwerenga ndi kulemba kunali kosatheka.

Ku sukulu ya ku Paris

M'chaka cha 1819, ali ndi zaka 10, anapeza malo pa sukulu ya ana osaona ku Paris, imene anayambitsa a Valentin Haüy. Mabuku a pa sukuluyi anali ndi zilembo zathu zomwezi, koma zikuluzikulu ndi zotumphuka. Mabukuwo anali ochepa, olemera ndi odula. Mwana ankatenga nthawi yaitali kupapasa chilembo chimodzi, ndipo analibe njira yolembera yekha.

M'chaka cha 1821 sukuluyi inalandira njira ina yolembera, ya a Charles Barbier, amene kale anali msilikali. Iwo ankagwiritsa ntchito timadontho tofika 12 pa chizindikiro chimodzi. Ana anaikonda chifukwa dontho limamveka msanga ku chala kusiyana ndi mzere wokhotakhota. Koma Louis anaona vuto lake: chizindikirocho chinali chachitali, chala sichinkatha kuchikwanira ulendo umodzi.

Choncho anayamba kuyesayesa, kuboola mapepala pa nthawi yopuma ndi ya tchuthi. Pofika 1824, ali ndi zaka 15 zokha, anali atachepetsa timadonthoto kufika pa 6, titatu kumanzere ndi titatu kumanja, tokwanira pansi pa nsonga ya chala chimodzi. Posinthasintha malo a timadontho timeneti pamatuluka zizindikiro 63, zokwanira zilembo, manambala ndi nyimbo zomwe. Polemba, mwana amapanikiza pepala m'kachikombole nkumaboola ndi kachitsulo kosongoka kuchokera kumanja kupita kumanzere. Akatembenuza pepalalo amawerenga kuchokera kumanzere. Njirayi inasindikizidwa m'buku m'chaka cha 1829, ndipo anaikonzanso mu 1837.

Kukanidwa ndi imfa yake

Louis atakula anakhala mphunzitsi pa sukulu yomweyo, komanso ankaimba limba m'matchalitchi a mu Paris. Komabe njira yake sinalandiridwe msanga. Aphunzitsi ena openya sanafune kuphunzira zilembo zachilendo, ndipo ankati zidzapatula osaona kwa anthu ena. Mkulu watsopano wa sukuluyo, amene anayamba ntchito mu 1840, anafika poiletsa kwa kanthawi. Koma ana anapitiriza kulemberana mobisa, pakuti ankadziwa chimene chinkawathandiza.

Louis anadwala chifuwa chachikulu kwa zaka zambiri, ndipo anamwalira pa 6 Januwale 1852 ali ndi zaka 43. Zilembo zake zinavomerezedwa mu 1854, iye atagona kale m'manda. Mu 1952 mafupa ake anawasamutsira ku Panthéon, kumene dziko la France limaika anthu ake olemekezeka. Kuyambira 2019, bungwe la United Nations limakumbukira zilembo za Braille pa 4 Januwale, tsiku limene iye anabadwa.

Phunziro kwa ife

Lero zipangizo zawonjezeka. Kuyambira 1951 kuli makina olembera otchedwa Perkins, okhala ndi batani la dontho lililonse mwa asanu ndi limodzi aja. Kulinso makompyuta ndi mafoni amene amawerenga mokweza mawu olembedwa. Kwathu kuno, aphunzitsi a ana olumala amaphunzira ntchito yawo ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Koma chipangizo sichithandiza mwana amene watsekeredwa m'nyumba.

Louis anali ndi nzeru kuyambira pachiyambi, chimene ankasowa chinali chida choyenera. Ndipo sakanafika pochikonza makolo ake, wansembe ndi mphunzitsi wa m'mudzi akanamutaya.

Tsono amayi, pamene tikuyendera mabanja m'midzi yathu ya m'mbali mwa nyanja, tizifunsa ngati muli mwana wosaona, wosamva kapena wosayenda amene sapita kusukulu. Tiwalimbikitse makolo ake, ndipo tipite nawo kwa mphunzitsi wamkulu kukafunsa za malo monga a ku Nkope. Pa zopereka zathu tikumbukire kuti mapepala a Braille amatha msanga ndipo makina amafuna kukonzedwa. Mipeni, singano ndi mbedza tiziika patali ndi ana aang'ono, ndipo diso la mwana likavulala kapena kufiira, tithamangire kuchipatala tsiku lomwelo, osathiramo mankhwala a zitsamba. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.