Ibn Battuta, Mlendo wa ku Africa Amene Anakaona Granada

Mukaima m'mawa pa depoti ya mabasi ku Old Town mu Lilongwe, mumaona anthu atasenza zikwama, ena akulowera ku Mzuzu, ena ku Blantyre, ena ku Mchinji. Aliyense wasiya atauza a kwawo tsiku lobwerera. Pafupifupi zaka 700 zapitazo, mnyamata wina wa ku Tangier m'dziko la Morocco nayenso anatsanzika makolo ake. Anabwerako patatha zaka 24, ndipo onse awiri sanawapeze.

Dzina lake linali Ibn Battuta. Anabadwa mu 1304 m'banja la oweruza milandu a Chisilamu, ndipo nayenso anaphunzira malamulo. Mu 1325, ali ndi zaka 21, ananyamuka yekha kupita ku Mecca. Atatsiriza mapemphero ake sanatembenuke. Anayendera Iraq ndi Persia, ndipo cha m'ma 1331 anakwera chombo kutsika gombe la kum'mawa kwa Africa mpaka ku Mogadishu, Mombasa ndi Kilwa, ku Tanzania wa lero. Kumeneko anamva za doko la Sofala, ku Mozambique, kumene kunkadzera golide wochokera kumtunda. Ndalama yamkuwa ya mfumu ya Kilwa ya nthawi imeneyo, al-Hasan ibn Sulaiman, inadzapezeka m'mabwinja a Great Zimbabwe, kusonyeza kuti chigawo chathu chino chinali kale pa malonda a dziko lonse.

Kenaka anapita ku India, kumene mfumu Muhammad bin Tughluq inamupatsa ntchito yoweruza milandu ku Delhi. Mfumuyo itamutuma ku China, zombo zimene zinanyamula mphatso zinasweka pa doko la Calicut iye ali kumtunda. Poopa kubwerera chimanjamanja kwa mfumu yaukaliyo, anangopitirira ku zilumba za Maldives, Sri Lanka ndi Sumatra mpaka ku China.

Pobwerera anakumana ndi mliri waukulu umene unali kusesa anthu ku Asia, Europe ndi kumpoto kwa Africa. Ali ku Damascus mu 1348 anamva kuti bambo ake anamwalira zaka 15 m'mbuyomo. Mayi ake nawo anamwalira ndi mliriwo iye ali pafupi kufika ku Morocco mu 1349, kotero kuti ku Tangier anangokaona manda.

Sanakhalitse pamudzi. Nthawi imeneyo kum'mwera kwa Spain kunali ufumu wa Asilamu wa Granada, ndipo mfumu Alfonso XI ya ku Castile inali itazinga Gibraltar. Ibn Battuta anaoloka nyanja kuti akathandize nawo nkhondo, koma anapeza Alfonso atafa ndi mliri womwewo mu 1350. Munthu amene anapita ngati msilikali anasanduka mlendo wongoona malo.

Atachoka ku Gibraltar anapita ku Ronda, kumene mbale wake anali woweruza milandu. Ku Marbella anafuna kuyenda limodzi ndi amuna 12 a pa akavalo, koma iwo anatsogola. Iye atanyamuka pambuyo anapeza kavalo wakufa panjira, ndipo anamva kuti adani ochokera m'zombo anapha mmodzi wa iwo n'kugwira khumi. Kuchedwa kunamupulumutsa. Atafika ku Málaga anapeza akuluakulu mumzikiti akusonkha ndalama zowombolera ogwidwawo. Mzindawo anausirira chifukwa cha mphesa, nkhuyu, makangaza ndi mbale zadothi zonyezimira ngati golide.

Granada anaupeza utazunguliridwa ndi minda ya zipatso, yothiriridwa ndi mtsinje wa Genil. Mfumu Yusuf I, imene inakulitsa nyumba zachifumu za Alhambra ndi kutsegula sukulu yaikulu mumzindamo mu 1349, inali kudwala ndipo sinathe kumuona. Mayi a mfumuyo ndiwo anamutumizira ndalama zagolide. Chimene chinamutenga mtima kwambiri chinali anthu: ophunzira, oweruza, ndi alendo ochokera kutali monga Samarkand ndi India amene anakhazikika kumeneko. M'munda wa mkulu wina anakumana ndi mnyamata wolemba ndakatulo, Ibn Juzayy, amene anamvetsera nkhani zake mwachidwi n'kuyamba kulemba zina.

Ulendo wake womaliza unali wodutsa chipululu cha Sahara kupita ku ufumu wa Mali mu 1352. Anayamikira mtendere wa m'misewu ya kumeneko, koma anadandaula kuti Mansa Sulayman anamupatsa mphatso yochepa. Atabwerera ku Fez mu 1354, mfumu Abu Inan inalamula kuti maulendo ake alembedwe, ndipo mlembi anali Ibn Juzayy yemwe uja, amene tsopano anali atasamukira ku Morocco. Buku lotchedwa Rihla linatha mu 1355.

Ibn Battuta sanali munthu wopanda banga. Ankakonda ulemu ndi mphatso za mafumu, ankagula akapolo, ndipo anasiya akazi ndi ana m'mayiko osiyanasiyana. Akatswiri a mbiri amakayikiranso ngati anafikadi malo ena amene bukulo limatchula, ndipo zigawo zina zinatengedwa m'buku la woyenda wina wakale, Ibn Jubayr. Komabe zambiri zimene timadziwa za Kilwa ndi Mali a nthawi imeneyo zimachokera kwa iye. Anamwalira ku Morocco cha mu 1368 kapena 1369.

Granada inagwa m'manja mwa Ferdinand ndi Isabella mu 1492. Alhambra idakalipo, ndipo kuyambira 1984 ili pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika a dziko lonse, mndandanda umene zojambula za pamiyala za ku Chongoni ku Dedza zinalowapo mu 2006.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame. Ibn Battuta akanazimirira chimodzimodzi pakanapanda mnyamata amene anakhala pansi n'kulemba. M'midzi mwathu muli agogo amene anayenda pansi kukagwira ntchito ku Halale ndi ku Joni, ndipo ku Old Town kuli amene akukumbukira Lilongwe asanakhale likulu mu 1975. Tchuthi chikubwerachi tengani kope ndi cholembera, mukawafunse akadali moyo.