Benjamin Eby: mlimi yemwe adaweta mpingo zaka 43 popanda malipiro

Mu mzinda wa Kitchener, m'chigawo cha Ontario ku Canada, muli tchalitchi cha njerwa chotchedwa First Mennonite Church, chomwe chili m'mbali mwa msewu wa King Street. Pambali pake pali manda akale. Lero malowa azingidwa ndi masitolo komanso phokoso la galimoto, koma zaka 200 zapitazo padali nkhalango, madambo ndi timinda ta alimi ochepa. Mmodzi mwa omwe adagona m'mandamo ndi Benjamin Eby, mlimi yemwe adatsogolera mpingowu kuyambira 1809 mpaka imfa yake mu 1853.

Eby adabadwa pa 2 May 1785 ku Hammer Creek, m'boma la Lancaster ku Pennsylvania m'dziko la America. Makolo ake adali a mpingo wa Mennonite, womwe mizu yake ili ku Zurich m'dziko la Switzerland. Kumeneko, mu 1525, kagulu ka akhristu kadayamba kuphunzitsa kuti ubatizo ndi wa munthu wamkulu yemwe wasankha yekha kukhulupirira, ndiponso kuti mkhristu sayenera kugwira chida cha nkhondo. Ambiri adaphedwa kaamba ka chiphunzitsochi, ndipo otsala adabalalika, ena mpaka kuwoloka nyanja kupita ku Pennsylvania. Dzina la mpingowu lidachokera kwa Menno Simons, wansembe wa ku Netherlands yemwe adalowa gululi mu 1536.

Pomwe Eby amakula, malo olima ku Lancaster adali atayamba kuchepa ndi kukwera mtengo. Mabanja ena adalowera kumpoto, ku dziko lomwe panthawiyo limatchedwa Upper Canada, pansi pa ulamuliro wa Britain. Kumeneko adagula minda m'mbali mwa mtsinje wa Grand kwa wamalonda wina, Richard Beasley.

Sipadatenge nthawi, alimiwo adatulukira kuti Beasley adali asadamalize kulipira malowo kwa eni ake, mitundu ya Six Nations, yomwe idapatsidwa dera la mtsinjewu ndi boma la Britain mu 1784. Malowo adali pachikole, kutanthauza kuti minda yomwe anthu adaswera mphanje ikadatha kulandidwa. Atathedwa nzeru, adatumiza nthumwi kwa abale awo ku Pennsylvania kukapempha thandizo. Abalewo adasonkha ndalama n'kupanga bungwe la German Company, lomwe mu 1805 lidagula maekala 60,000 pa mtengo wa mapaundi 10,000. Malowo adawadula m'zigawo za maekala 448 ndipo adagawana pochita mayere.

Eby adakawona malowa mu 1806 ali ndi zaka 21. Atasankha pokhala, adabwerera kwawo komwe adakwatira Mary Brubacher mu February 1807. Mwezi wa June chaka chomwecho banjali lidafika ku Waterloo, litayenda masabata angapo pa ngolo zokokedwa ndi akavalo.

Mpingo womwe adaupeza udalibe tchalitchi. Anthu amapemphera m'nyumba zawo mosinthana, Lamulungu lino kwa uyu, linalo kwa uje. Nawo ubusa sudali ntchito yofunsira kapena yopitira kusukulu. Mwambo wa a Mennonite masiku amenewo udali woti mpingo umatchula mayina a amuna omwe ukuwawona kuti ndi oyenera. Kenaka akuluakulu amaika mabuku a nyimbo patebulo, limodzi mwa iwo muli kapepala. Aliyense wotchulidwa amatola buku, ndipo yemwe wapeza kapepalako amakhala mbusa moyo wake wonse. Amatengera chitsanzo cha momwe atumwi adasankhira Matiya m'buku la Machitidwe. Mbusa wotere samalandira malipiro. Amalima ngati wina aliyense, n'kumalalikira Lamulungu.

Eby adadzozedwa ubusa pa 27 November 1809 ali ndi zaka 24. Pa 11 October 1812 adakhala bishopu, udindo womwe udampatsa ntchito yobatiza, kudyetsa mgonero, kudalitsa maukwati ndi kuweruza nkhani za mipingo yonse ya m'deralo.

Udindowu udamupeza pa nthawi yovuta. Miyezi inayi m'mbuyomo, dziko la America lidali litayamba nkhondo ndi Britain, ndipo Upper Canada ndiye idali bwalo la nkhondoyo. Kwa nkhosa za Eby, adani a boma lawo adali dziko lomwe adasiyako makolo ndi abale awo. Lamulo la 1793 limalola a Mennonite kusalowa usilikali, bola azilipira mashilingi 20 pachaka nthawi ya mtendere ndi mapaundi 5 nthawi ya nkhondo. Komabe boma lidawakakamiza kupereka ngolo ndi akavalo, komanso anyamata oti anyamule katundu wa asilikali. Mu October 1813, asilikali a Britain atagonja pa nkhondo ya pa mtsinje wa Thames, ena mwa anyamatawa adathawa n'kusiya ngolo ndi akavalo awo m'manja mwa adani.

M'chaka chomwecho cha 1813, nkhondo ili mkati, mpingo udamanga tchalitchi chake choyamba ndi mitengo ya m'nkhalango. Anthu amangochitchula kuti kwa Ben Eby, ndipo mudzi womwe udayamba kumera mozungulira udatchedwa Ebytown.

Mkuluyu adawona msanga kuti mpingo wopanda sukulu sungapite patali. Mapemphero onse, Baibulo ndi nyimbo zidali m'Chijeremani, pomwe chilankhulo cha boma chidali Chingerezi. Mwana wosadziwa kuwerenga Chijeremani akadakhala mlendo m'tchalitchi cha makolo ake. Choncho mu 1818 Eby adayamba kuphunzitsa yekha ana m'chipinda chomwe adalumikiza ku tchalitchicho. Sukulu imachitika nyengo yozizira, pomwe ntchito ya kumunda yaima, ndipo iye adagwira ntchitoyi zaka zambiri, kufikira cha m'ma 1840.

Vuto lina lidali la mabuku, omwe amachokera kutali ku Pennsylvania. Mu 1835 Eby adali mmodzi mwa omwe adaika ndalama zawo kuti Heinrich Wilhelm Peterson, yemwe sadali wa Mennonite, akhazikitse makina osindikizira m'mudzimo. Makinawa ndiwo adatulutsa Canada Museum, nyuzipepala yoyamba ya Chijeremani ku Upper Canada. Pa makina a m'mudzi momwemo padatuluka buku la nyimbo za mpingo mu 1836, buku lophunzitsira ana kuwerenga lomwe Eby adalemba mu 1839, komanso buku lake la mbiri ndi chiphunzitso cha a Mennonite mu 1841.

Chomwe chidamusiyanitsa ndi atsogoleri ena a mipingo yodzipatula ndi momwe amalandirira alendo. Kuyambira m'ma 1820 kudayamba kufika anthu ochokera ku Germany, ambiri a iwo a Lutheran ndi Akatolika, amisiri opanda minda. Eby sadawatsekere khomo. Adadula mbali ya munda wake n'kugulitsa kwa amisiriwa kuti amange nyumba ndi mashopu. Mmodzi mwa iwo adali Jacob Hailer, mmisiri wa mipando ndi zipangizo zopotera ulusi. Nawo manda a mpingo amalandira maliro a anthu a mipingo ina. Mu 1833 mudziwo udatchedwa Berlin, ndipo mbiri ya kumeneko imati Eby adali nawo posankha dzinali pofuna kuti alendowo adzimve kuti afika kwawo.

Chaka cha 1834 chidabwera ndi zokoma ndi zowawa zomwe. Mpingo udali utakula moti udamanga tchalitchi chachikulu cha matabwa. Koma m'chaka chomwecho mliri wa kolera udabuka m'tauni yoyandikana nayo ya Galt n'kufalikira m'midzi. Mwa omwe adamwalira padali mayi Mary, mkazi wa bishopuyo, yemwe adabereka naye ana 11. Munthu yemwe amatonthoza anamfedwa adasanduka namfedwa. Patapita nthawi adakwatira Magdalena, mkazi wamasiye wa Abraham Erb, yemwe amadziwika kuti ndiye adayambitsa tauni ya Waterloo.

Zaka zake zomaliza zidali za mikangano. M'ma 1840, chitsitsimutso cha mipingo ngati ya Methodist chidakopa a Mennonite ena, omwe adayamba kufuna misonkhano ya mapemphero mkati mwa sabata ndi maulaliki otsindika kutembenuka mtima. Ena amawona izi ngati kutaya mwambo wa makolo. Yemwe amatsogolera ofuna kusinthawa adali mbusa Daniel Hoch wa kudera la Niagara. Akuluakulu adayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi, koma zidakanika. Mu 1849 Hoch adachotsedwa, ndipo omutsatira adapanga mpingo wawo wotchedwa New Mennonites. Eby, yemwe adathera moyo wake kusonkhanitsa anthu, adawona mpingo ukung'ambika iye akadali moyo.

Adamwalira pa 28 June 1853 ali ndi zaka 68. Joseph Hagey, yemwe adadzozedwa ubishopu mu 1851, ndiye adapitiriza udindowo m'deralo. Mwana wa malemuyu, Christian Eby, adakhala mbusa wa pampingopo mu 1854, ndipo ngakhale adamwalira patangopita zaka zisanu, tchalitchicho chidadziwika ndi dzina lake kwa zaka zambiri.

Zomwe Eby adabzala zidapitirira kukula, zina mosiyana ndi momwe iye akadafunira. Tchalitchi cha njerwa chidamangidwa mu 1902, ndipo mu 1907 pamalopa padayamba sukulu ya Baibulo. Chijeremani chomwe adachilimbikira chidazilala pang'onopang'ono mpaka mapemphero adasanduka a m'Chingerezi. Mu 1916, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, chidani ndi Germany chidachititsa kuti dzina la Berlin lichotsedwe, mzindawo n'kutchedwa Kitchener. Chaka chotsatira mpingowo udatenga dzina la First Mennonite Church. Mu 1924 udagawikanso pa nkhani ya zisoti zomwe amayi amayenera kuvala, ndipo mbusa U. K. Weber adachoka ndi gulu lalikulu n'kukayambitsa mpingo wa Stirling Avenue, pomwe C. F. Derstine adabwera kudzaweta otsalawo.

Nayo nkhani ya malo siidathe. A Six Nations akudandaulabe kuti gawo lalikulu la dera lomwe adapatsidwa mu 1784 lidawachoka mosatsata chilungamo, ndipo masiku ano mipingo ya Mennonite ya m'deralo imavomereza poyera kuti matchalitchi ake ali pa malo amenewo.

Munda wa Eby udamezedwa ndi mzinda wa anthu oposa 250,000, ndipo tauniyo idakula pa malo omwe iye adagulitsa kwa alendo aja. Koma mpingo womwe udayambira m'nyumba za alimi ukusonkhanabe pamalo omwewo pomwe padali tchalitchi cha mitengo cha 1813, pafupi ndi manda a mbusa wake.