Gerard Salton: katswiri yemwe anaphunzitsa kompyuta kuyeza kulemera kwa mawu

Munthu akafufuza nkhani pa intaneti, makina amapeza zolembedwa zankhaninkhani, koma amayenera kusankha choti chikhale pamwamba. Popeza anthu ambiri sapitirira tsamba loyamba, cholembedwa chimene chaponyedwa kumapeto chimakhala ngati chasowa. Maziko a kasanjidwe kameneka anayalidwa ndi akatswiri angapo, ndipo mmodzi wa akuluakulu mwa iwo anali Gerard Salton.

Salton anabadwa pa 8 Marichi 1927 mumzinda wa Nuremberg ku Germany, ndipo dzina lake lobadwa nalo linali Gerhard Anton Sahlmann. Anathawa m'dzikolo pa nthawi ya ulamuliro wa chipani cha Nazi, nakafika ku America m'chaka cha 1947. Anaphunzira masamu pa Brooklyn College, kenako mu 1958 analandira digiri ya ukachenjede pa yunivesite ya Harvard moyang'aniridwa ndi Howard Aiken, mmodzi mwa amisiri a makompyuta oyambirira. Mu 1965 anasamukira ku yunivesite ya Cornell, komwe anathandiza kukhazikitsa nthambi ya sayansi ya makompyuta.

M'masiku amenewo, kompyuta inkangoyankha ngati mawu ofunidwa alimo m'cholembedwa kapena ayi. Zonse zopezeka zinkabwera ngati zofanana, ndipo ntchito yopeta mankhusu inkatsalira wofufuza. Salton ndi ophunzira ake anapanga pulogalamu yotchedwa SMART, yomwe inkapatsa cholembedwa chilichonse malikisi malinga ndi mmene chikugwirizanirana ndi funso.

Malikisiwo ankachokera pa mfundo zitatu. Choyamba, liwu lobwerezedwa kawirikawiri m'cholembedwa limasonyeza mutu wa nkhaniyo. Chachiwiri, liwu lopezeka paliponse silithandiza kusiyanitsa zolembedwa: m'Chichewa, “ndi” kapena “kuti” sangalemere ngati “fetereza”. Mfundo imeneyi anaifotokoza bwino Karen Spärck Jones wa ku Cambridge mu 1972, ndipo Salton anaiphatikiza m'kawerengedwe kake. Chachitatu, cholembedwa chachitali sichiyenera kupambana chifukwa cha kutalika kokha, choncho malikisi amachepetsedwa molingana ndi utali wake.

Mu 1975, iye pamodzi ndi A. Wong ndi C. S. Yang anafalitsa nkhani yomwe inatchuka kwambiri, yofotokoza cholembedwa ngati mndandanda wa manambala, nambala iliyonse ikuimira kulemera kwa liwu limodzi. Funso nalo limasandutsidwa mndandanda wotere, ndipo kompyuta imaona mindandanda imene yayandikana kwambiri. Salton sankakhutira ndi ganizo lomveka bwino pakamwa pokha. Njira iliyonse ankaiyesa pa zolembedwa zomwe mayankho ake olondola ankadziwika kale, monga za ku Cranfield ku England, zokhudza sayansi ya ndege.

Amisiri amakono anapititsa ganizoli patsogolo. M'mapulogalamu ofufuzira monga Lucene ndi Elasticsearch, cholembedwa chimagawidwa m'zigawo, monga mutu, thunthu la nkhani, dzina la wolemba ndi tsiku, ndipo mmisiri amasankha kulemera kwa gawo lililonse. Nyuzipepala ingalemeretse mutu ndi tsiku, pamene sitolo ingaganizirenso mtengo ndi kupezeka kwa katundu. Apa ndi pamene pagona vuto: mutu ukalemera mopyola muyezo, nkhani za mitu yokopa koma zopanda phindu zimakwera pamwamba, zabwino n'kumira. Mankhwala ake ndi omwe aja a Salton, kuyesa kusintha kulikonse pa mafunso odziwika mayankho.

Mu 1983 bungwe la SIGIR linam'patsa mphotho yake yoyamba yolemekeza ntchito ya kafukufuku wa zofufuzira, ndipo lero mphothoyo imadziwika ndi dzina lake. Salton anamwalira pa 28 Ogasiti 1995 ku Ithaca m'chigawo cha New York, ali ndi zaka 68. Kampani ya Google inakhazikitsidwa patapita zaka zitatu.